Kagalu Kakudwala, Mwini Wake Ali ndi Chizungulire

Metangula — M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kuyambira ku Meluluca, Chuanga, Messumba mpaka ku Cóbuè, galu ndi mlonda. Amalondera usipa pathandala ndipo amathamangitsa anyani m'munda wa chinangwa. Nchifukwa chake kagalu kakadwala, mwini wake sagona tulo. Koma tsoka silinunkha. Nthawi zina wodwazikayo naye ali ndi chizungulire: akangowerama kuti akamwetse madzi, nyumba yonse iyamba kuzungulira.

Kodi chimachitika nchiyani? Mkati mwenimweni mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono tothandiza munthu kuima osagwa. Tikasochera nkulowa m'timipaipi ta madzi ta m'khutumo, munthu amamva chizungulire akawerama, akayang'ana kumwamba kapena akatembenuka pamphasa. Kawirikawiri sichipitirira mphindi imodzi, koma chimabwerabwera. Pali njira yotembenuza mutu yobwezera timiyalato m'malo mwake, imene dokotala wa ku America, John Epley, anaifalitsa mu 1992. Funsani anamwino za njirayi. Malungo, kuchepa kwa magazi, njala ndi matenda othamanga magazi nazonso zimazunguza mutu.

Tsono musaleke kusamala kagaluko, koma sinthani kachitidwe. Kaikeni m'dengu pamalo okwera kuti musamawerame. Pokadyetsa khalani pansi, mutu uli chilili. Podzuka yambani mwakhala kaye pang'ono, kenaka imirirani mutagwira khoma. Chizungulire chikayamba, khalani pansi pomwepo ndi kuyang'ana chinthu chimodzi mpaka chithe. Masiku amenewo musakwere bwato nokha, musapite nokha kukatunga madzi kunyanja, ndiponso musaweramire pamoto. Wogwa pamtunda amadzuka, koma wogwera m'madzi akuya sabwerera.

Kagalu kosanza ndi kutsegula m'mimba kamafa msanga chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Kapatseni madzi owiritsa ozizira, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Kakasiya kusanza, yesani phala lamadzimadzi losakaniza ndi usipa wosinja. Musakapatse panado kapena mankhwala ena a anthu, chifukwa angathe kukapha. Kwirirani chimbudzi chake ndipo sambani m'manja ndi sopo. Malangizo a ziweto amapezeka ku ofesi ya boma ya SDAE ku Metangula.

Choopsa koposa ndi chiwewe. Bungwe la zaumoyo la WHO limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amaitenga kwa agalu. Kagalu kakamachucha dovu, kuluma chilichonse, kulephera kumeza kapena kufooka miyendo, musaike dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti kakakamira munga wa nsomba. Katsekereni, ana asayandikire, ndipo dziwitsani amfumu ndi alangizi a ziweto. Kakakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera. Katemerayu anayamba ndi Louis Pasteur mu 1885, ndipo amateteza ngati mwamulandira zizindikiro zisanaoneke. Zikaoneka, palibenso kuchira. Kagalu kabwinobwino kabayidwe katemera kakakwana miyezi itatu.

Nanunso musadziiwale. Ngati chizungulire chabwera pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kupindika kamwa, kulephera kulankhula bwino, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kufooka dzanja, musadikire kuti kuche. Abale akutengereni ku Centro de Saúde yapafupi, ndipo zikavuta akutumizani ku chipatala chachikulu ku Lichinga.

Kagaluko kasiyireni mnansi wachikulire, osati ana, ndipo mumuuze zonse zimene mwaona pa kudwala kwake.