Laibulale ya m'Komboni: Kumene Mwana Apeza Buku ndi Womuwerengera

Pamene boma linacotsa malipiro a sukulu m'caka ca 2022, ana ambiri amene anali kungokhala pakhomo anabwerera m'makalasi. Bvuto limene latsala ndi la kuwerenga. M'kalasi lodzaza, mphunzitsi mmodzi sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense, ndipo m'nyumba zambiri za m'makomboni mabuku amene apezeka ndi Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Ndiye cifukwa cake nchito ya laibulale ya anthu onse iyenera kuyang'anidwanso bwino.

Nthambi ya boma yoona za malaibulale, ya Zambia Library Service, inakhazikitsidwa m'caka ca 1962, dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira. Ili pansi pa unduna wa zamaphunziro, ndipo ili ndi malaibulale a zigawo ku Chipata, Choma, Kasama, Mansa, Mongu ndi Solwezi. M'mizinda ikuluikulu, makhonsolo ndiwo ayendetsa malaibulale, monga ija ya mumsewu wa Katondo mu Lusaka.

Nyengo ya mayeso, mipando m'malo amenewa imadzaza ndi ophunzira amene abwera ndi mabuku awoawo, kudzafuna malo a phee owerengerapo. Ici ndi cabwino ndithu. Koma mwana wa zaka 7 amene akali kulimbana ndi zilembo, kapena uja amene sanapondepo ku sukulu, alibe cocita m'cipinda cimene lamulo lake lalikulu ndi kukhala cete.

Bungwe la Lubuto, limene linayambitsidwa ndi mai Jane Kinney Meyers m'caka ca 2005, linayesa njira ina. Dzina lakuti Lubuto ndi liu la Cibemba lotanthauza kuwala. Laibulale yao yoyamba inatsegulidwa m'caka ca 2007 pa Fountain of Hope ku Kamwala, malo osamalira ana a m'misewu. Yaciwiri inatsegulidwa m'caka ca 2010 pa sukulu ya Ngwerere m'komboni ya Garden, ndipo pambuyo pake ina inamangidwa kumudzi, ku Nabukuyu m'boma la Monze.

Nyumba zake zinamangidwa zozungulira ndi zofolera udzu, potengera insaka, cija a kum'mawa acicha mphala kapena bwalo, pamene akulu ndi ana akhala pamodzi kukamba nkhani. Mwana alowa kwaulere, popanda womufunsa yunifomu kapena nsapato. Kwa mwana amene anazolowera kupitikitsidwa pa makomo a masitolo, ici cokha ndi cinthu cacikulu.

Mkati mwake, cimene cimakoka ana koposa ndi nthawi ya nthano, pamene wamkulu awawerengera buku mokweza mau, nawaonetsa zithunzi ndi kuwafunsa mafunso. Palinso magulu a zisudzo, a zojambula, ndi a uphungu, kumene acinyamata akambirana za khalidwe, za matenda a Edzi ndi za kubwerera ku sukulu. Bungweli linakonzanso maphunziro a kuwerenga okwana 700 a pa kompyuta, 100 m'ciyankhulo ciriconse mwa ziyankhulo 7 zophunzitsidwa m'masukulu: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Amene anawalemba ndi aphunzitsi a muno m'Zambia mothandizana ndi acinyamata a pa laibulale pomwepo.

Nanga mwana akadziwa kuwerenga, awerenge ciani? Apa ndi pamene pali ciperewero. Mabuku ambiri amene afika m'malaibulale monga mphatso ndi a Cingelezi, ndipo ambiri akamba za cisanu ndi nyama zimene mwana wa ku Katete sanazionepo. Mabuku a Cinyanja amene makolo a lero anawerenga ku sukulu, ambiri analeka kusindikizidwa. Ena mwa mabuku akale a nthano za muno, a Lubuto anawasonkhanitsa ndi kuwaika pa intaneti kuti asataike.

Wofuna kuyamba ndi Cinyanja afunse woyang'anira laibulale za buku la Nthondo, lolembedwa ndi a Samuel Josia Ntara a ku Malawi ndi kusindikizidwa m'caka ca 1933, limene lilondola moyo wa munthu mmodzi kucokera pa kubadwa kwake. Kukula ndi Mwambo, la a John Gwengwe, lithandiza acinyamata amene anakulira m'tauni kumvetsa miyambo ya Acewa.

M'Cingelezi, ophunzira a ku sekondale angayambe ndi The Tongue of the Dumb la a Dominic Mulaisho, la m'caka ca 1971, lokamba za kulimbirana ufumu ndi kufika kwa amishoni m'mudzi. A Cowrie of Hope la a Binwell Sinyangwe, la m'caka ca 2000, ndi lalifupi ndiponso losabvuta: mai wamasiye anyamula thumba la nyemba kupita nalo ku Lusaka kuti apeze ndalama za sukulu ya mwana wake wamkazi. Makolo amene analipirapo sukulu m'zaka zija adzadziona okha m'nkhani imeneyi. Okhwima m'kuwerenga angatenge Patchwork la mai Ellen Banda-Aaku, kapena The Old Drift la mai Namwali Serpell la m'caka ca 2019, ngakhale kuti limeneli ndi lalitali ndipo lifuna kudekha.

Pa nthawi ya nthano, palibe zoposa nkhani za malemu a Julius Chongo, amene pulogalamu yao ya Poceza m'Madzulo inali kusonkhanitsa mabanja pa wailesi ya Radio Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. A Ernst Wendland analemba zina mwa nkhanizo m'buku limene linatuluka m'caka ca 2004 ku UNZA Press, Cinyanja ndi Cingelezi pamodzi. Popeza a Chongo anazikonza kuti zimveke ndi khutu, zimakoma kwambiri wamkulu akaziwerenga mokweza, nasintha mau pa munthu aliyense monga mmene mwini wake anali kucitira pa wailesi.