Mwana Wokana Ndiwo za Masamba

Kuyambira masiku a Wenela anthu a ku Malawi akhala akupita ku Johannesburg, kumene ambiri amati ku Joni. Kale kunkapita amuna okha, kukagwira nchito m'migodi. Lero kuli mabanja athunthu ku Mayfair, ku Yeoville ndi ku Diepsloot, ndipo ana akubadwira konko. Mwa madandaulo a amai a kumeneko liripo limodzi lomveka kawirikawiri: mwana wa zaka 2 kapena 3 adya nsima ndi msuzi, koma masamba alavula.

Mwana wotere sali wamwano ai. Lilime la mwana limamva kuwawa msanga koposa la munthu wamkulu, ndipo pa msinkhu umenewu ana ambiri amakayika cakudya ciri conse cacilendo. Ku Joni kuli cina coonjezera: maswiti, chipisi ndi zakumwa zotsekemera ziri pafupi ndi khomo, m'timasitolo ta spaza. Mwana wokhuta zimenezi masana sangafune mpiru madzulo.

Komatu masamba ndi ofunika. Muli vitamini A, wosunga maso ndi wothandiza thupi kulimbana ndi matenda. Mulinso ayironi, amene akasowa magazi amacepa, mwana nafooka. Kucokera caka ca 2003 lamulo la South Africa likakamiza eni zigayo kuthira mavitamini mu ufa wa cimanga wogulitsa, ndipo ku sikelo ana osakwana zaka 5 amalandira vitamini A miyezi 6 iri yonse. Izi nzothandiza, koma sizilowa m'malo mwa ndiwo za tsiku ndi tsiku.

Masambawo sasowa. Kabichi ndi sipinachi ziri ponseponse, pa msika wa Yeoville pamapezeka therere ndi cigwada, ndipo bonongwe, amene Azulu amati imbuya, eni dziko amadya ndithu.

Tsono mai wanzeru atani? Coyamba asamale kaphikidwe. Masamba awadule ang'onoang'ono, awaphike kanthawi kocepa, osathira soda, pakuti soda amaononga mavitamini ena. Atendere ndi nsinjiro kapena athire timafuta: kutero kumacepetsa kuwawa, ndiponso vitamini A amalowa bwino m'thupi pamene pali mafuta. Maungu ndi karoti nzotsekemera, nzabwino kuyambira.

Caciwiri, ampatse pang'ono, supuni imodzi yokha, pa nthawi imene ali ndi njala. Akakana asamkakamize, abwereze tsiku lina. Ana ambiri amayamba kudya cinthu atacilawa nthawi 10 kapena kuposapo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Cacitatu, banja lidyere pamodzi. Mwana amatsanza zimene aona. Bambo wokankha mbale ya masamba waphunzitsa kale mwana wake. Ngati mwana amaswera kwa mlezi amai ali ku nchito, mleziyo auzidwe zomwezi.

Cacinai, kumenya ndi kuopseza kulekeke, ngakhalenso kumnyengerera ndi maswiti, cifukwa mwana amayesa masamba ndiwo cilango, switi ndiye mphotho.

Koma mwana akamakana zakudya zonse, akamaonda, kapena sikelo yake ikaleka kukwera m'buku la Road to Health, apite naye ku cipatala msanga.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wozolowera masamba ali ku Joni sadzagona ndi njala tsiku limene agogo ake adzamphikira nkhwani wotendera kumudzi.