Kalulu Akaswa Koma Chisa Chili Choperewera

Amayi ambiri amene ayamba kuweta akalulu amadandaula chinthu chimodzi: kalulu waswa ana 7 kapena 8, koma kutacha apeza tianato tili mbwee m'khola, tozizira, tina tafa kale. Kawirikawiri si matenda ayi. Chimene chimapha tianati ndi kuzizira, chifukwa make sanakonze chisa chokwanira.

Mwana wa kalulu amabadwa wopanda ubweya, wosapenya, ndipo thupi lake silitha kudzifunditsa lokha. Kalulu wamkazi akatsala pang'ono kuswa amatuta udzu ndi pakamwa, kenako amadzizula ubweya wa pachifuwa ndi pamimba n'kuyala. Umenewu ndiye bulangete la ana. Koma si onse amene amachita zimenezi. Amene akuswa koyamba nthawi zina amangozula pang'ono, kapena kuswera pamtetete. Ena amasokonezeka ndi agalu, makoswe kapena ana obwera kudzasuzumira m'khola pafupipafupi.

Apa pofunika kudziwa khalidwe la kalulu. Sali ngati mphaka amene amanyamula ana ake pakamwa. Kamwana kakagwera kunja kwa chisa, make sakabwezamo. Ntchito imeneyi ndi yanu, amayi. Ndipo zimene ena amanena, zoti mukagwira ana make awakana, zisakuchititseni mantha. Sambani m'manja, mupukute ndi udzu wa m'kholamo, ndipo gwirani mofatsa.

Mukapeza tiana tazizira, musafulumire kutitaya poganiza kuti tafa. Kamwana kozizira kamauma ngati kakufa, koma kakamva kutentha kambiri kamatsitsimuka. Kaikeni pachifuwa panu mkati mwa malaya, kapena pafupi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Pamoto kapena pambaula ayi, khungu lake ndi lanthete, limapsa msanga. Musakapereke kwa make kuti kayamwe kasanafunde ndi kuyamba kutakataka.

Kenako konzani chisa. Kabokosi kathabwa kotalika masentimita pafupifupi 45, mulifupi 30, ndi kokwanira. Khomo lake likhale lokwererapo pang'ono kuti ana asatuluke. Yalani udzu wofewa, wouma bwino, wopanda nkhungu, ndipo pakati pake pangani kadzenje ndi chibakera chanu. Mukatero gwirani make modekha ndi kumuzula ubweya wa pachifuwa ndi m'mbali mwa mawere. M'masiku oswa ubweyawu umakhala wosalimba, umazuka mosavuta, ukamakana, musakakamize. Yalani wina m'kadzenje muja, ikani ana onse pamodzi kuti azifunditsana, wina muwafunditse pamwamba. Zisanza za ulusi ndi thonje ndi bwino kuzipewa, popeza ulusi umakulunga timiyendo mpaka kutupa.

Woweta wochenjera amasunga ubweya. Nyengo yotentha, monga mu Okutobala, akalulu ena amazula wambiri kuposa wofunikira. Tengani woyera, muuike m'pepala pamalo pouma. Udzakuthandizani mu Juni ndi Julayi, makamaka kumadera ozizira ngati Dedza, Ntcheu ndi Mulanje.

Chotsatira ndi kuyamwa, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Kalulu amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku, kwa mphindi zochepa chabe, nthawi zambiri usiku kapena m'bandakucha. Tsono kusamuona ali m'chisa sikutanthauza kuti wawataya anawo. Yang'anani mimba zawo m'mawa. Kamwana kokhuta kamakhala ndi mimba yozungulira, yosalala, ndipo kamagona phee. Kanjala kamakhala ndi khungu lamakwinya ndi mimba yophwa. Mukaona choncho, mulowetseni make m'kabokosi pamwamba pa ana, muzimusisita pamsana kwa mphindi 5 kuti ayamwe. Chitani zimenezi tsiku lililonse. Pakapita masiku awiri kapena atatu ambiri amazolowera. Madzi akumwa asasowe, pamodzi ndi madeya, kholowa ndi chisoso, chifukwa kalulu waludzu satulutsa mkaka.

Make akakanitsitsa kapena akafa, mkaka wa ng'ombe si yankho labwino. Ndi wamadzimadzi poyerekeza ndi wa kalulu, umene uli ndi mafuta ochuluka, ndipo kamwana kamatsamwa msanga mukamakamwetsa. Njira yabwino ndi kupereka anawo kwa kalulu wina amene waswa masiku omwewo. Aikeni pakati pa ana ake iye ali kunja kwa kabokosi, kuti atenge fungo la chisacho. Musamuchulukitsire kupitirira 8 onse pamodzi. N'chifukwa chake ndi nzeru kukweretsa akalulu awiri tsiku limodzi, kapena kupangana tsiku ndi mnzanu wa m'gulu amene nayenso akuweta.

Pakatha sabata ubweya umakhala utamera, ndipo maso amatseguka pa masiku 10 mpaka 12. Kufikira pamenepo zondani chisa m'mawa uliwonse, chotsani kakufa ndi udzu wonyowa, ndipo miyendo ya khola muiteteze ku linthumbu. Bere la kalulu ndi la masiku pafupifupi 31, choncho lembani tsiku limene mwakweretsa, ndipo ulendo wina kabokosi kalowe m'khola pa tsiku la 28, udzu uli kale m'kati.