Loko wa Hilux yakale: musanagule wina, yambani mwatsegula chitseko

Amene anakwerapo matola m'misewu ya fumbi amachidziwa chitseko chotsegulira kunja: dalaivala amatsitsa galasi n'kutulutsa mkono kukakoka handulo. Zitseko zina zimamangidwa ndi mphira, ndipo eni ena anafika powotcherera kampiringidzo ka chitseko cha nyumba, osaganiza kuti pangozi anthu odzathandiza adzatsegula bwanji. Pakati pa galimoto zotere simulephera kupeza Toyota Hilux, pikapu imene inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968. Zina za m'ma 1980 zikadali pamsewu, injini ikulira bwinobwino, koma zitseko zitatopa.

Kawirikawiri loko weniweniyo sakhala atafa. Girisi amene anapakidwa kufakitale amasakanikirana ndi fumbi n'kuuma gwa, kadzino kogwira chitseko n'kuleka kubwerera. Pena pathyoka kapulasitiki kamene kamagwira kandodo kachitsulo kochokera ku handulo. Pena vuto lili kutali ndi loko: mahinjesi adyeka, chitseko chatsika, ndipo sichikukumananso bwino ndi chitsulo cha pamphuthu chimene amakaniko amati striker. Tsegulani chitseko, muchigwire kumapeto n'kuchinyamula. Chikamagwedera, ndalama yanu ipite ku mahinjesi, chifukwa loko watsopano adzadyekanso msanga.

Ntchito imayamba ndi kukweza galasi mpaka pamwamba kuti dzanja lipeze malo mkati. Handulo yopukusira galasi ndi imene imasokoneza ambiri, poti paliponse sipaoneka bauti. Imagwidwa ndi kawaya kopindika kobisika kuseri kwake. Mukalowetsa kansanza pakati pa handuloyo ndi chikuto cha chitseko n'kumakoka uku ndi uku, kawayako kamavuka. Kamadumpha kutali, ndiye musagwirire ntchitoyi pa udzu. Chikutocho chikachoka, matulani bwino pepala la pulasitiki limene lili kuseri kwake. Ambiri amaling'amba n'kutaya, mvula ikagwa chikuto n'kuyamba kufufuma.

Tsopano tengani foni mujambule mmene tindodo talumikizirana musanakhudze kalikonse. Kena kamachokera ku handulo yakunja, kena ku yamkati, kena ku kabatani kokhomera, kena kumene kumalowa kiyi. Mukatisokoneza mudzapeza chitseko chokhoma koma chosakhomoka.

Pamene pamagona nkhani ndi pa masikuluwu atatu a m'mphepete mwa chitseko, amene amagwira loko. Mutu wake ndi wa mtanda, ndipo aliyense amathamangira sikuludalaiva ya Phillips. Koma galimoto zakale za ku Japan zinkamangidwa ndi masikuluwu a muyezo wakwawo wotchedwa JIS, amene mtanda wake unasemedwa mosiyana pang'ono. Phillips imaterereka n'kudya mutuwo, ndipo ntchito ya ola limodzi imathera kwa owotcherera. Athireni mafuta ofewetsa dzimbiri, mudikire, kenako mugwiritse ntchito sikuludalaiva yomenya ndi hamala. Kupsa mtima apa n'kodula kuposa loko.

Kachitsulo kolowa kiyi kamagwidwa ndi kapanira kooneka ngati chilembo cha U, kamene kamasololoka ndi pulayala. Kachitsuloko kayang'anitsitseni musanakataye. Pa Toyota zambiri zakale pamakhala nambala yodindidwa, makamaka ku chitseko cha wokwera, ndipo wosula makiyi wodziwa ntchito angathe kukusulirani kiyi watsopano ndi nambalayo. Zikatero kiyi mmodzi amatsegulabe chitseko n'kulizanso injini, m'malo moyenda ndi chimtolo cha makiyi.

Loko wakaleyo mum'viike m'palafini, mum'tsuke ndi kaburashi, aume, mum'pake girisi pang'ono. Ambiri amadzuka pomwepo. Ngati sipuling'i yathyoka kapena kadzino kadyeka, ulendo wokagula wina ku Ndirande kapena ku Malangalanga wakwana, koma wakaleyo mupite naye m'manja. Loko wakumanja salowa kumanzere, ndipo zaka zikasiyana maloko amasiyananso. Oitanitsa pa intaneti achenjere ndi ogulitsa a ku America: akati mbali ya dalaivala amanena kumanzere, pamene kuno chiwongolero chili kumanja.

Mukabwezera zonse musafulumire kumenyetsa chitseko. Chikadali chotsegula, kankhani kadzino ka loko ndi sikuludalaiva, muyese handulo zonse ziwiri, kabatani ndi kiyi. Chitseko chikatsekeka tindodo tili tosalumikiza, kuchitsegulanso ndi ntchito yotulutsa thukuta. Kenako masulani striker pang'ono, muisunthe mpaka chitseko chizitsekeka ndi dzanja limodzi, mumangenso.

Pomaliza tcherani khutu. Loko wabwino amagwira kawiri: koyamba chitseko chikangofika, kachiwiri chikatsekeka kwathunthu, kuti kumodzi kukaphonya pakona kwinako kugwirebe. Ngati wanu akulira kamodzi kokha, musanyamule munthu kumpando umenewo mpaka mutakonza.