Moto wa m'phiri unazima kalekale, koma chivomerezi chikadalipo m'chigwa cha Domasi

Nthaka ikanjenjemera usiku, malata n'kulira, mbale n'kugundana m'nyumba, kukacha anthu amafunsana pamjigo ndi pamsika wa Songani ngati phiri la Zomba kapena la Malosa lingadzaphulike moto tsiku lina. Amene anaona pa kanema chiphalaphala cha phiri la Nyiragongo chikuwononga nyumba kufupi ndi mzinda wa Goma ku Congo mu Meyi 2021 ali ndi chifukwa chofunsira. Yankho la akatswiri a za miyala ndi lakuti mapiri awiriwa alibenso moto. Chimene anthu a m'chigwachi ayenera kukonzekera ndi chivomerezi.

M'mayiko ena muli nyumba zoonetseramo zinthu kumene mlendo amaphunzira nkhani zotere pokhudza ndi manja ake. Ku Natural History Museum mumzinda wa London, mwachitsanzo, kuli chipinda chooneka ngati golosale chimene pansi pake pamagwedezeka potsanzira chivomerezi chimene chinagwetsa mzinda wa Kobe ku Japan mu 1995. Anthu a kwa Mfumu Yaikulu Malemia safunika ulendo wautali chotero, pakuti zambiri zimene nyumba zoterezi zimaonetsa m'magalasi zili poyera m'chigwa chawo.

Zimene mwala wa mumtsinje ukunena

Mphunzitsi amene angatsike ndi ana ake kumtsinje wa Domasi n'kutola mwala wochokera kuphiri adzaona kuti uli ndi timibulu tikuluti toti munthu n'kutiona ndi maso, tina totuwa, tina takuda. Timibulu totere timakula pokhapokha mwala wosungunuka ukazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. Chiphalaphala chimene chatulukira kunja chimauma msanga ndipo timibulu take timakhala tating'onoting'ono zedi.

Izi zikufotokoza chiyambi cha mapiriwa. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, mwala wamadzimadzi wotentha unakwera kuchokera pansi penipeni, ndipo wochuluka unaima panjira n'kuuma usanafike pamwamba. M'kupita kwa nthawi mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa imene inaukuta, wolimbawo n'kutsala utaima. Wotsalawo ndiwo mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mtsinje wa Domasi unakumba chigwa chake pakati pa mapiri awiriwa. Miyala yakuda yosongoka ndi ina yowala ngati galasi imene amalonda amagulitsa kwa alendo pamsewu wokwera phiri la Zomba ndi umboni wina wa kuzizira kosafulumiraku.

Kum'mawa, kumene mtsinje wa Domasi umakathira, kuli chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa. Chilumbachi ndi tsinde la phiri lamoto lakalekale, ndipo chili ndi mwala wosowa wotchedwa carbonatite. Frank Dixey, amene anayamba ntchito yofufuza miyala m'dziko muno mu 1921, analemba za miyala ya kumeneku pamodzi ndi anzake mu 1937, ndipo dzina la Chilwa linadziwika kwa akatswiri padziko lonse. Lero phiri lokhalo limene likutulutsabe chiphalaphala cha mtundu umenewu ndi Ol Doinyo Lengai ku Tanzania. La ku Chisi linazima, monganso Zomba ndi Malosa. Mapiri amoto amene ali pafupi ndi Malawi ndipo angathe kudzukanso ndi a ku Rungwe, kum'mwera kwa Tanzania, kuseri kwa malire a Karonga.

Kumene chivomerezi chimachokera

Chivomerezi cha kuno sichichokera m'moto wa phiri. Malawi ali m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, kumene zigawo ziwiri za nthaka zikutalikirana ndi mamilimita ochepa pachaka, pang'onopang'ono kuposa mmene chikhadabo chimakulira. Kung'ambikaku ndiko kunapanga nyanja ya Malawi, imene kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700, komanso chigwa cha Shire. Akasupe otentha a ku Liwonde nawo amatuluka m'ming'alu yomweyi: madzi amalowa pansi kwambiri, amatenthedwa ndi miyala, kenako amabwerera kumtunda.

Mng'alu wina waukulu, umene akatswiri amautcha Zomba Fault, umadutsa m'munsi mwa phompho la kumadzulo kwa mapiri a Zomba ndi Malosa, moyang'anana ndi Chingale. Munthu woima pafupi ndi dzenje la Chingwe amaona nthaka itatsika mwadzidzidzi kuloza ku Shire. Mbali yakumunsiyo inatitimira pang'onopang'ono, chivomerezi ndi chivomerezi. Miyala ya mbali ziwiri za mng'alu imagwirana kwa zaka mazanamazana kwinaku ikukokedwa, ndipo tsiku lina imalekana kamodzin'kamodzi. Mwana atha kuona zimenezi popinda ndodo youma: imapirira, imapirira, kenako n'kuthyoka, manja n'kumva kunjenjemera.

Nthambi ya boma yofufuza za miyala, ya Geological Survey, ili ndi likulu lake mumzinda wa Zomba, ndipo ndiyo imayeza zivomerezi ndi makina n'kudziwitsa anthu kumene zachokera ndi kukula kwake. Pamuyeso umene imagwiritsa ntchito, kukwera ndi nambala imodzi kumatanthauza mphamvu yochuluka pafupifupi ka 32. Choncho chivomerezi cha 6 sichingoposa cha 5 pang'ono ayi. Palibe makina amene anganeneretu tsiku kapena ola. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Zimene dziko lino linaonapo

Usiku wa pa 10 Malichi 1989 chivomerezi choposa 6 chinagwedeza Salima. Anthu 9 anamwalira ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Mu Disembala 2009 Karonga anagwedezeka kangapo: choyamba chachikulu chinabwera pa 6 Disembala, koma champhamvu koposa, cha 6.0, chinafika patatha pafupifupi masabata awiri, usiku. Anthu anayi anamwalira ndipo nyumba masauzande zinagwa kapena kung'aluka. Pa 8 Malichi 2018 china chinachokera cha ku Nsanje n'kumveka m'madera ambiri a chigawo cha kum'mwera.

Ku Salima ndi ku Karonga, chimene chinapha ndi kuvulaza anthu ambiri ndi zipupa zogwa. N'chifukwa chake ngozi ya ku Karonga itachitika, boma linatulutsa ndondomeko ya kamangidwe ka nyumba zolimba mu 2010.

M'pofunikanso kusiyanitsa chivomerezi ndi napolo. Napolo wa ku Zomba mu Disembala 1946, wa ku Phalombe mu Malichi 1991, ndi zigumukire za namondwe Freddy mu Malichi 2023 zinadza chifukwa cha mvula yambiri imene inafewetsa nthaka ya m'mapiri. Mkokomo wake umaopsa, koma si moto. Komabe malo otsetsereka amene mitengo yake inatha ndi makala amagumuka msanga, kaya ndi mvula kaya ndi kugwedezeka kwa nthaka.

Zoyenera kuchita pakhomo ndi pamudzi

Womanga nyumba ayambe ndi maziko akuya panthaka yolimba, kutali ndi phompho ndi njira za madzi. Njerwa zilumikizane bwino m'makona, mazenera ndi zitseko zisayandikire kona, ndipo pamwamba pa zipupa pazungulire lamba wa konkire ndi zitsulo, amene amisiri amamutcha ring beam. Chipupa chopyapyala cha njerwa imodzi, chomangidwa ndi dothi lokha, ndicho chimayamba kugwa, makamaka chikakhala chachitali. Denga limangiriridwe kuchipupa ndi mawaya. Kulitsendereza ndi miyala kapena njerwa kumaika mitu ya ana pangozi.

Nthaka ikayamba kugwedezeka, munthu agwade, ateteze mutu ndi khosi, ndipo alowe pansi pa tebulo, desiki kapena bedi lolimba. Ikasiya, onse atuluke mwadongosolo n'kukaima pabwalo, kutali ndi zipupa, nthambo za magetsi ndi matanthwe a m'phiri. Nyumba yong'aluka isagonedwe mpaka mmisiri ataiona, pakuti za ku Karonga zinasonyeza kuti chivomerezi chotsatira chingathe kuposa choyamba. Zowonongeka zikanenedwe kwa nyakwawa ndi komiti yoona za ngozi m'mudzi, imene imatumiza uthenga kukhonsolo ndi ku nthambi ya boma ya DoDMA.

Makomiti a chitukuko amene akuyang'anira ntchito yomanga midadada ya sukulu, zipatala zazing'ono ndi nyumba za aphunzitsi ali ndi udindo wofunsa wopatsidwa ntchitoyo za maziko, muyeso wa simenti ndi lamba wa konkire ntchito isanafike padenga. Chipupa chikapakidwa pulasitala, zolakwika zake sizionekanso mpaka tsiku limene nthaka idzagwedezeke.