Pikiapu Iri Ndi Malire Ache: Za Kusankha Ngolo Yoyenera Galimoto

Munthu amene aimirira m'mawa pa mseu wa ku Likuni pafupi ndi Chinsapo, kapena pa mseu wotuluka ku Area 25 kulinga ku Kanengo, sachedwa kuona galimoto ya pikiapu ikukoka ngolo pambuyo pache. Ngolo zimenezi, zimene ena amazitcha kalavani, zachuruka zedi m'makomboni a Lilongwe. Zina zimanyamula njerwa ndi mchenga, zina mtedza ndi soya wopita ku msika wa ku Mgona, zina mabelo a fodya m'nyengo ya okushoni, ndipo Loweruka zimanyamula mipando, matenti ndi zokuzira mau za pa ukwati. M'maiko a Azungu anthu amagula ngolo zokhala ngati kanyumba, zogonamo pa ulendo wokacheza, ndipo zotere zimaoneka nthawi zina ku Senga Bay. Koma kwa munthu wa ku Kawale kapena ku Area 23 ngolo ndi chipangizo chopezera ndalama, ndipo kawiri-kawiri imagulidwa ndi ndalama zangongole.

Funso limene ogula ambiri amafunsa ndi lakuti, kodi ngoloyi ilowa matumba angati? Funso loyenera kuyamba nalo ndi lina: kodi galimoto imene idzakoke ngoloyi ingathe kuiimitsa? Pakuti kukoka kokha sikuvuta kweni-kweni. Injini ya dizilo, ikaikidwa giya yoyamba, imasuntha katundu woposa muyeso wache, ndipo mwini wache amakondwa nayesa kuti galimoto yache njamphamvu. Choonadi chimadzaoneka tsiku limene mwana wa sukulu athamangira pa mseu, kapena wa kabaza akhota mwadzidzidzi, dalaivala naponda mabuleki koma katundu wa pambuyo nakana kuima.

MANAMBALA ATATU

Galimoto iri yonse imatuluka ku fakitale ndi malire ache olembedwa. Amapezeka m'buku la galimotoyo, ndipo ena amalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala komata pa mphuthu ya chitseko kapena pafupi ndi injini. Manambala ofunika kwa wogula ngolo ndi atatu. Yoyamba ndiyo kulemera kumene galimoto yokhayo isapitirire itanyamula anthu, mafuta ndi katundu. Pa mapepala amalemba kuti GVM. Yachiwiri ndiyo kulemera kwa ngolo imene galimoto iloledwa kukoka. Yachitatu, imene ambiri saidziwa nkomwe, ndiyo kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi, kumene amalemba kuti GCM.

Ogulitsa magalimoto amakonda kutchula nambala yachiwiri yokha, chifukwa ndiyo yokoma kumva. Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1968 ndipo zambiri zofika kuno zimachokera ku fakitale ya ku Durban, iri ndi mitundu ina yatsopano ya dizilo imene imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500. Ford Ranger yopangidwa ku Pretoria ndi Isuzu D-Max nazonso ziri ndi mitundu yofika pa nambala yomweyo. Komatu nambalayi iri ndi mau ena pambali pache amene samveka kawiri-kawiri: ngoloyo ikhale ndi mabuleki ache-ache. Ngolo yopanda mabuleki malire ache ndi makilogalamu 750, ngakhale galimotoyo ikhale yatsopano ndi yamphamvu chotani, ndipo pa magalimoto ang'ono malirewo amatsika koposa pamenepa.

Tsono ngakhale ngolo ikhale ndi mabuleki, nambala ya 3,500 siiri yaulere. Pa Hilux zina za zitseko zinai, galimoto ndi ngolo pamodzi siziyenera kuposa makilogalamu 5,850, pamene galimoto yokhayo, yopanda munthu, imalemera pafupi-fupi 2,100. Munthu akachotsa 3,500 ndi 2,100 pa 5,850 atsala ndi 250 basi. Ameneyo ndi dalaivala ndi anyamata awiri opakira katundu, ndipo m'bodi mosaikidwa ngakhale thumba limodzi la chimanga.

Masamu omwewa angayambirenso mbali ina. Mwini galimoto wa ku Area 23 akupita kumudzi ku Dedza ndi anthu anai a pabanja pache. Onse asanu alemera ngati makilogalamu 350. M'bodi waikamo matumba 8 a feteleza, ndiwo makilogalamu 400. Galimoto yafika pa 2,850, pamene malire ache ali pafupi ndi 3,000. Kwatsala 150. Koma ngolo yopakiridwa bwino imatsamiritsa gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwache pa chitsulo chokolekera, ndipo kulemera kumeneko kumawerengedwa pa galimoto. Chotero munthuyu sangakoke ngolo yoposa makilogalamu 1,500, ngakhale chikalata cha wogulitsa chinanena 3,500. Ngolo imasankhidwa ndi masamu ochotsera, ndipo chotsala ndicho chimene munthu ayenera kukagula.

Apa nkofunika kukumbukira kuti magalimoto ambiri a ganyu m'makomboni si Hilux zatsopano iai. Ambiri ndi akale ochokera ku Japan, olowa kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Timalole tambiri ta Daihatsu Hijet ndi Suzuki Carry tinapangidwa kuti tizinyamula makilogalamu 350, ndipo nambalayi imaoneka pa chomata cha kumbuyo pakati pa zilembo za Chijapani. Amenewo ndi matumba 7 a simenti. Galimoto yotere siinapangidwire ngolo, ndipo kuiwotcherera chitsulo chokokera nkuisenzetsa ntchito ya ng'ombe pamene iyo ndi mbuzi.

NGOLO ZA KU BIWI

Ngolo zambiri zoyenda mu Lilongwe sizichokera ku fakitale. Zimapangidwa ndi amisiri owotcherera zitsulo a ku Biwi, ku Mchesi ndi ku Kawale, anthu a luso amene ntchito yao yathandiza mabanja ambiri kupeza chipangizo pa mtengo wofikirika. Palibe chifukwa chonyozera ntchito imeneyi. Koma wogula ayenera kudziwa kumene mphamvu ya ngolo igona, pakuti siigona m'malata a m'mbali kapena mu utoto wonyezimira. Igona mu ekiselo, m'masipuling'i ndi m'matayala.

Kawiri-kawiri ekiselo imachotsedwa ku galimoto yaing'ono imene inafa kale, pamodzi ndi matayala ache. Tayala liri lonse liri ndi nambala pambali pache yonena katundu amene lingasenze. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 82 limasenza makilogalamu 475. Awiri asenza 950, ndipo m'menemo muli kulemera kwa ngolo yomwe. Tayala la malole ang'ono lolembedwa 106 limasenza 950 lokha. Kusiyana kwache nkwakukuru, koma pa maso matayala onsewa ndi akuda ndi ozungulira chimodzi-modzi.

Chinanso chimene chimanyenga ndi kukula kwa bodi. Wogula amakondwera ndi ngolo yakuya, nati ndalama zache zagwira ntchito. Komatu ngolo ya mamita 2 m'litali, 1.2 m'lifupi ndi theka la mita kuya kwache, ikadzazidwa mchenga mpaka m'milomo, imasenza pafupi-fupi makilogalamu 1,800, ndipo mchengawo ukakhala wonyowa, wongofukulidwa kumene mu mtsinje, kulemera kumaposa pamenepa. Bodi yomweyo itadzazidwa mipando ya pulasitiki siingafike ngakhale makilogalamu 200. Ngolo yopanda mabuleki, imene yokha ilemera ngati 250, imatsala ndi malo a makilogalamu 500 okha: matumba 10 a simenti, kapena migolo iwiri ndi theka ya madzi ya malita 200, kapena mawilibala asanu a mchenga, kapena njerwa zootcha zosafika 200. Womanga nyumba akamva manambala amenewa amaseka, pakuti njerwa 200 sizimanga ngakhale khoma la bafa. Kusekako kuli ndi nzeru yache: ntchito ya njerwa ndi miyala ya kwale njoyenera lole ya matani atatu kapena tipa, ndipo ngolo yaing'ono isakakamizidwe kuigwira.

Amene ntchito yache ndi yonyamula mbeu, feteleza kapena fodya, ndipo afuna kupitirira makilogalamu 750, alibe njira ina koma kugula ngolo ya mabuleki. Yodziwika kwambiri ndi imene mabuleki ache amagwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha chokolekera, ndipo kukankhako kumakoka mabuleki a mawilo a ngolo. Mtengo wache ngokwera, nzoona. Koma wotsika mtengo uja amalipira pambuyo pache, pang'ono-pang'ono, kwa makaniko: kilatchi yopsa, masipuling'i othyoka, giyabokosi yolira, ndi chasisi yong'aluka pamene panawotchereredwa chokokera. Chokokera choyenera chimamangidwa ndi mabauti ku chasisi, chiri ndi nambala yache ya malire, ndipo kampira kache kachitsulo ndi ka mamilimita 50. Bampala si malo okolekapo ngolo.

MISEU YA KUNO

Manambala a m'buku analembedwa poganizira mseu wabwino. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya umapepuka, kotero kuti injini yopanda turbo imataya pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yache. Miseu ya m'kati mwa Chinsapo, Mgona ndi Area 23 njafumbi, ndipo m'dzinja imakumbika. Ngolo ikagwera m'dzenje, chokolekera chimalandira nkhonya yoposa kulemera kwa katunduyo.

Koma mayeso eni-eni ali pa zitsetse. Wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima amatsika mamita ngati 500 asanafike ku chigwa cha nyanja, ndipo wodzera mseu wa Khwekhwerere, wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti, amakumana ndi makhota otsatizana pa phiri lotsetsereka. Mabuleki akapondedwa nthawi yaitali amatentha, ndipo akatentha amaleka kugwira. Dalaivala amamva fungo la chopserera, phazi nkumalowa pansi koma liwiro osachepa. Madalaivala akale amadziwa kuti phiri amatsika ndi giya yomwe akanakwera nayo. Nzeru imeneyi imathandiza, koma siingalowe m'malo mwa mabuleki a ngolo pamene matani awiri akukankha kumbuyo.

Kapakiridwe nakonso kali ndi mbali yache. Katundu wolemera ayenera kukhala pansi ndi patsogolo pang'ono pa ekiselo. Akachuruka kumbuyo, ngolo imayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera, makamaka pa mseu wa M1 pamene lole yaikuru idutsa ndi mphepo yache. Kugwedezako kukayamba, dalaivala achotse phazi pa mafuta nagwire chiwongolero mowongoka. Kuponda mabuleki mwamphamvu kumaonjezera ngoziyo. Katundu akachurukanso kutsogolo, galimoto imakhala pansi kumbuyo, mawilo akutsogolo amapepuka, chiwongolero chimasewera, ndipo usiku nyali zimaloza m'maso mwa obwera kutsogolo.

Odziwa bwino zimenezi ndi Amalawi amene amanyamula katundu wa anzao kuchokera ku Johannesburg. Iwo amayenda makilomita oposa 1,800 kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, nalowa pa Dedza kapena pa Mwanza, ngolo zao zitasenza mafiriji, mabedi ndi njinga mpaka kutalika kuposa galimoto. Malamulo a ku South Africa amanena kuti ngolo yopanda mabuleki isapose theka la kulemera kwa galimoto yoikoka yopanda katundu, ndiponso kuti ngolo ya mabuleki ogwira okha aja isapose kulemera kwa galimotoyo. Pa lamulo limenelo Hilux ya makilogalamu 2,100 imakoka ngolo yotere ya 2,100 basi.

ZIMENE BOMA LIFUNA

Kuno kwathu nkhani za pamseu ziri pansi pa lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo nthambi ya Boma yoona za magalimoto, Directorate of Road Traffic and Safety Services, ndiyo imalembetsa magalimoto ndi kupereka malaisensi, ntchito imene imachitika pa makina a MalTIS. Pamaso pa lamulo ngolo imawerengedwa payokha: iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala yache, nyali zofiira, nyali zolozera kokhotera ndi zonyezimira za kumbuyo. Laisensi wamba ya B imalola munthu kukoka ngolo yosaposa makilogalamu 750. Yoposa pamenepo ifuna laisensi yokhala ndi chilembo cha E. Eni magalimoto ena amayesa kuti zimenezi ndi njira yongotolera ndalama, koma amene anayesapo kubwerera chambuyo ndi ngolo yodzaza pa kanjira kopapatiza ka ku Kawale adziwa kuti ntchitoyi ifuna kuphunzira. Ndiponso ngozi ikachitika galimoto italemetsedwa kuposa malire, a inshuwalansi angathe kukana kulipira, ndipo ngongole ya ngolo ija imatsala pamutu pa mwini wache pamodzi ndi mlandu.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka pa maliro, pamene magalimoto achepa ndipo operekeza achuruka: anthu amakwezedwa m'ngolo pamodzi ndi nkhuni ndi matumba a ufa. Ngolo iribe chogwirira, iribe denga, ndipo imalumikizidwa ku galimoto ndi kampira kamodzi ndi unyolo. Unyolowo pa ngolo zambiri palibe, kapena m'malo mwache pali chingwe cha linya.

Wofuna kudziwa kulemera kweni-kweni kwa ngolo asanalipire sasowa kochitira. Ku Kanengo kuli makampani ogula mbeu ndi ogulitsa feteleza amene ali ndi sikelo zoyezera magalimoto. Galimoto imakwera payokha niyezedwa, kenaka imakwera ndi ngolo yopanda kanthu, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kulemera kwa ngolo. Nambala imeneyo ikachotsedwa pa malire a ngoloyo, chotsala chigawidwe ndi 50, ndipo yankho lache lilembedwe ndi utoto pambali pa bodi, kuti anyamata opakira azidziwa thumba lomaliza.