Fakitale ya Dwangwa: eni akasintha, amapindula ndani?

Kampani yakunja ikagula fakitale m'dziko muno, anthu amafunsa ngati ntchito iziyenda bwino kuposa kale. Mbiri ya fakitale ya shuga ya Dwangwa, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, ikuonetsa kuti yankho limadalira mtundu wa mwini watsopanoyo komanso malamulo a msika.

Fakitaleyi idayamba kugaya nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 motsogozedwa ndi kampani ya Lonrho ya ku Britain. Mu 1997, Illovo ya ku South Africa idagula nthambi ya shuga ya Lonrho, choncho Dwangwa ndi Nchalo zidalowa m'manja mwake. Mu 2006, Associated British Foods idagula magawo 51 pa 100 alionse a Illovo, ndipo mu 2016 idatenganso otsalawo.

Lonrho inkachita malonda ambirimbiri monga migodi ndi mahotela, pomwe Illovo ntchito yake ndi ya shuga. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa shuga safuna chidodo. Nzimbe ikadulidwa n'kuchedwa kugayidwa, shuga wake amachepa. Makina akaima pakati pa nyengo yogaya, phindu limatayika. Mwini wodziwa ntchitoyi amabweretsa akatswiri, mbewu zabwino, ndalama zokonzera makina m'nyengo ya dzinja ndiponso misika yakunja. Nazo zotsalira sizitayidwa: zinyalala za nzimbe zimasonkhezera moto wopangira magetsi, pomwe molasisi amapita ku fakitale ya Ethco yomwe yakhala ikutcheza ethanol ku Dwangwa kuyambira 1982.

Komabe walira mvula walira matope. Gawo lalikulu la phindu ndi la eni akunja, ndipo kuwatumizira kumafuna ndalama zakunja zomwe dziko lino likusowa kale. Mfundo zikuluzikulu zimamangidwira kutali ndi munda. Komanso kwa zaka zambiri, fakitale ya Salima Sugar isanatsegulidwe, Illovo idalibe mpikisano weniweni m'dziko muno. Zikatero n'kovuta kudziwa ngati phindu lakwera chifukwa cha luso kapena chifukwa wogula alibe kwina kolowera.

Alimi ang'onoang'ono a nzimbe ku Dwangwa nawonso ali pa mpanipani womwewo. Nzimbe n'zolemera ndiponso sizichedwa kuonongeka, kotero msika wawo ndi fakitale yapafupiyo. Mikangano ya malo yomwe idabuka m'deralo pokuza minda ya nzimbe ikukumbutsa kuti kukula kwa fakitale kumakhudzanso mabanja olima mpunga ndi chinangwa.

N'chifukwa chake poyeza fakitale yogulidwa ndi akunja, matani a shuga ndi phindu la pachaka n'zosakwanira. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, aphungu ndi mabungwe a alimi ayenera kuunikanso mtengo womwe mlimi amalandira, misonkho yolowa m'thumba la boma, malipiro a odula nzimbe ndi mtengo wa paketi ya shuga m'golosale ya ku Nkhotakota.